Kholo Paulendo Wokaona Mafupa Osanduka Miyala

Ife aphunzitsi timakonda kudandaula kuti makolo salabadira za sukulu. Koma tisanaŵadzudzule, nkoyenera kuti tiyambe tadzifunsa ngati tinaŵaitana mwa njira yake. Mfundo imeneyi tinaizindikira pamene tinkayendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a dziko la Zambia.

Sukuluyo inakonza ulendo wa ana a Sitandade 7 wopita ku Karonga kukaona mafupa osanduka miyala. Tinalakwitsa paŵiri. Poyamba, tinaika ulendowo pa nyengo imene makolo amakhala ali kalikiliki kusankha ndi kupana fodya. Kachiŵiri, tinangotumiza kalata yopempha ndalama, osalongosola phindu lake. Bambo ŵena anatibwezera mawu akuti, "Mafupa kumudzi konkuno aliko. Mwana wanga wamkazi sangakagone kutali chifukwa cha zimenezo." Chonsecho mwanayo ndiye anali wofunsa mafunso koposa anzake onse, ndipo bamboŵa anali atanenapo kale kuti mwana wamkazi akadziŵa kulemba kalata, sukulu yakwana.

Tinakaŵapeza m'chigafa mwawo. Sitinachulutse mawu, tinangoŵapempha kuti atiperekeze, ndipo akhale oyang'anira anyamata ndi kamba wa panjira. Anaŵerenga masiku anayi pa zala zawo, nayang'ana fodya wawo, kenaka anavomera monyinyirika.

Tinadzera ku Kasungu ndi ku Mzuzu, nkutsika chitunda cha Chiweta mpaka kufika pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Kumeneko ana anaima kukamwa yasa pamaso pa chigoba cha Malawisaurus, chilombo chodya masamba chimene chinali ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Anamvanso za nsagwada za munthu wakalekale zimene zinapezeka ku Uraha mu 1991, za zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Apa mpamene bambo aja anatsokomola nati, "Pepani aphunzitsi, fupa la ng'ombe likakhalitsa padzuŵa limafumbutuka. Nanga aŵa anatsala bwanji?" Wophunzira wathu anabwereza zimene analoŵeza m'buku, koma palibe amene anatolapo kanthu. Bambowo atasinkhasinkha anadziyankha okha: "Kapena zili ngati kudambo kwathu. Bua akadzaza amakwirira zinthu ndi matope, ndipo ine ndinafukulapo chipika chili chilimbire."

Phunziro lonse linagona pamenepo. Tinangowonjezera kuti nyama ikafa nikwiririka msanga ndi mchenga kapena matope, afisi ndi mpweya sizifikira mafupa ake. Madzi oloŵa m'nthaka amasiya mchere wa m'miyala m'timibowo ta fupalo pang'onopang'ono, kufikira litalimba ngati mwala. Patapita zaka zosaŵerengeka, mvula imakokolola nthaka ya pamwamba, fupa lija nkuonekera. Ana anamva msanga chifukwa dambo amalidziŵa.

Tisanatuluke tinafotokoza kuti dzina loti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993, ndipo mmodzi mwa akatswiri amene analipereka anali Elizabeth Gomani, Mmalaŵi mnzathu, amenenso mu 2005 anatcha chilombo china dzina loti Karongasaurus. Mtsikana uja anakoka malaya a atate ake nati, "Ababa, mwamva? Ndi mayitu ameneyo." Iwo sanayankhe. Koma pobwerera, tili pafupi ndi Kasungu, anatifunsa motsitsa mawu kuti mwana amakhoza motani kuti asankhidwe kupita ku sekondale.

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, sungani izi. Ulendo muuike pa nyengo imene ntchito za kumunda zachepa. Makolo muŵaonekere pamaso, pakuti kalata siyankha funso. Kholo likavomera kubwera, lipatseni udindo weniweni, lisakhale mlendo wongoonerera. Koposa zonse, likafunsa funso limene lakukanikani, musachite manyazi kapena kulidula mawu. Fufuzani zimene likudziŵa kale, ndipo mumangepo phunziro lanu. Paja mutu umodzi susenza denga. Ife tinapita ku Karonga ndi mabuku ndi mapu, koma chitsanzo chimene ana anachilemba m'makope mwawo atabwerako chinali cha chipika cha m'dambo la Bua.