Za Sitima ya Guendolen ndi Anthu Osonkha Moto

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za ntchito yamanja imene ena aiyesa chibwana, ndiyo yopanga tisitima tankhondo tofanizira sitima zenizeni zimene zinayenda pa nyanja yathu kale. Ine ndine mmisiri wa matabwa, ndikhala ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, ndipo tsopano, pamene mphamvu zonyamulira matabwa aakulu zandichepera, ndapeza ntchito imeneyi kuti manja asakhale chabe. Kuno kwathu kulibe nyanja. Madzi amene tiwadziwa ndi a mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi, ndipo wofuna kuona nyanja ayenera kuyenda ulendo wa makilomita oposa 100 kukafika ku gombe la ku Salima. Chifukwa chake ana ambiri a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo akula osaona sitima ndi maso, ngakhale adziwa bwino kupinda mawaya ndi kupanga tigalimoto toyenda ndithu. Luso ali nalo anawo, koma mbiri ya dziko lawo sinafike m'manja mwawo.

Sitima imene ndaifanizira ndiyo Guendolen, imene ena alemba Gwendolen. Inapangidwa ku England, nibwera zidutswazidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo amisiri anailumikiza ku Fort Johnston, kumene lero titcha Mangochi, nailowetsa m'madzi m'chaka cha 1899. Dzina lake linali la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya ku Britain masiku amenewo. M'litali mwake inali ngati mamita 40, ndi kulemera kwake matani oposa 300. Boma la Angerezi linaifuna kuti ilondere nyanja, pakuti zaka za m'mbuyomo zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi za Makanjira zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kunka nazo tsidya la kum'mawa. Nkhondo yoletsa malondawo inali yoopsa, kotero kuti m'chaka cha 1891 Kapitao Cecil Maguire anafera pa gombe la kwa Makanjira pamene anapita kukaononga zombo zake.

Lamulo la ntchito yofanizira sitima ndi limodzi, ndilo muyeso. Mwana wopanga galimoto ya mawaya akhoza kukulitsa mateyala monga afuna, ndipo palibe womtsutsa. Koma wofanizira sitima asankha muyeso umodzi, nausunga kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Ine ndinasankha kuti sentimita imodzi pa kasitima iimire masentimita 50 pa sitima yeniyeni. Potero mamita 40 aja asanduka masentimita 80, ndiko kuti kasitimako kakwana pa tebulo la m'nyumba. Chinthu chilichonse chilowa m'chiwerengero chomwecho: chumuni chotulutsira utsi, mlongoti, nangula, chiwongolero, khomo, ngakhale makwerero. Ukakometsa chimodzi ndi kuchikulitsa, zina zonse zioneka zabodza.

Zipangizo zake n'zopezeka konkuno. Thupi la sitima ndinalisema pa mtengo wa malaina wouma bwino, poyamba ndi kasemasema, kenaka ndi tupa ndi sandipepa. Zipinda za pamwamba ndinazidula pa zitini za mafuta ophikira, ndipo mnyamata wina wokhoma ndowa ndi mbaula pa msika anandiwotcherera ndi mtovu. Chumuni ndi kachidutswa ka paipi, zingwe ndi ulusi wosokera nsapato, ndipo mzinga wa kutsogolo ndinaupanga ndi msomali pamodzi ndi waya wamkuwa umene ndinapempha kwa amakaniko a ku Biwi. Maonekedwe ake ndinawatenga pa zithunzi za m'mabuku ndi pa ulendo wa ku Mangochi, kumene mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera pa Guendolen uima pafupi ndi nsanja ya koloko ya Mfumukazi Victoria, ndi kumene nyumba yosungira zakale za nyanja ionetsa zambiri za sitimayi. Ntchito yonse inanditengera miyezi isanu ndi iwiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchitoyi mawuwo aoneka kuti ndi oona.

Tsono chimene chinatchukitsa Guendolen ndi ichi. Ajeremani, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania, anali nayo sitima yawo yankhondo pa nyanja yomweyi, dzina lake Hermann von Wissmann, imene inalowa m'madzi m'chaka cha 1893, nayonso poyamba pofuna kuletsa malonda a akapolo. Pa 4 Ogasiti 1914 Britain inayamba nkhondo ndi Germany, ndipo lamulo linafika kwa Kapitao Edmund Rhoades wa pa Guendolen kuti akafune sitima ya Ajeremani ndi kuiononga. Pakati pa mwezi womwewo iye anaipeza pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, itakokeredwa pamtunda kuti aikonze. Anawombera mzinga kangapo kufikira chipolopolo chinailasa. Mbiri isimba kuti Kapitao Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades lomwera naye pamodzi, anali asanamve kuti kunja kwagwa nkhondo. Anapalasa kabwato nafika pa Guendolen ali wokwiya, kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo pomwepo anagwidwa nakhala wandende. Ambiri awerengera kuti kumeneku ndiko kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi m'nkhondo yonse ija. M'mwezi wa Meyi 1915 anabwereranso ku Sphinxhaven ndi asilikali, naphulitsa sitimayo kuti Ajeremani asaikonzenso.

Nkhani imeneyi ikomera anthu poimva, ndipo mabuku ambiri aisimba ngati nthabwala ya azungu awiri. Koma muyeso uja unandifunsa funso limene nthabwalayo silifunsa. Nditatha kupaka penti, ndinafuna kusema tianthu toimika pa kasitimako. Munthu wa msinkhu wamba, pa muyeso wanga, akhala masentimita atatu ndi theka, ngati mfundo imodzi ya chala. Ndipo ndinadzifunsa kuti, ndiseme anthu angati, ndipo akhale ndani? Kapitao ndi mmodzi, ndipo malo ake ndi pamwamba poongolera. Nanga pansi, pa ng'anjo ya moto, paime yani? Nanga wokoka nangula, woyesa kuya kwa madzi, wophika, wopalasa kabwato kopita kumtunda? Sitima ya mamita 40 siyendetsedwa ndi anthu awiri kapena atatu. Amalinyero ndi osonkha moto a sitima za pa nyanjayi ambiri anali anthu akuda a m'mphepete mwa nyanja momwemo, Ayao, Atonga, Anyanja ndi ena, ndipo maina awo sapezeka m'nkhani ija ya akapitao awiri.

Taganizirani za moto wokha. Sitima za masiku amenewo zinkayenda ndi nthunzi. M'mimba mwa sitima munali boyila, ndiye mphika waukulu wachitsulo wowiritsira madzi, ndipo nthunzi yake inkakankha injini yozunguza chopalasira cha kumbuyo. Moto wake unali wa nkhuni. Chifukwa chake m'mphepete mwa nyanja munali malo oikika otolerapo nkhuni, kumene anthu a m'midzi ankadula mitengo, naiunjika m'mamendulo kudikira sitima. Ikafika, amuna ankasenza nkhunizo kukaziika m'mabwato, ndipo osonkha moto ankaziponya m'ng'anjo usana ndi usiku, m'chipinda chotentha ngati uvuni wa njerwa. Agogo anga aamuna, atate a mayi, anali mmodzi wa odula nkhuniwo kufupi ndi Nkhotakota pa unyamata wawo. Ankatisimbira tili ana kuti lipenga la sitima likamveka, munthu ankasiya nsima m'mbale. Popanda nkhwangwa zawo, mzinga wa Hotchkiss sukadafika ku Sphinxhaven.

Ngakhale kufika kwa sitimazo pa nyanja kunali pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pa mtunda wautali, pamene chombo sichingadutse. Pamene amishoni a Livingstonia anabwera ndi sitima yoyamba, Ilala, m'chaka cha 1875, anaiphwasula kunsi kwa mathithiwo, ndipo anthu mazanamazana, osonkhanitsidwa ndi mafumu a Amakololo, anasenza zitsulo zake kukwera nazo mapiri kufikira kumtunda, kumene anailumikizanso; inalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Sitima ya mishoni ya ku Likoma, Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi m'chaka cha 1901, inafika m'mitolo yoposa 3,000, ndipo boyila wake wa matani 11 anamkoka pamtunda amuna a Chingoni okwana 450. Nayonso, nkhondo itafika, boma linaitenga kuti inyamule asilikali. Potero sitima ya uthenga ndi sitima ya mzinga zinakwera njira imodzi, pa misana ya anthu amodzimodzi.

Ndipo chipolopolo chija cha ku Sphinxhaven chinabala zotani kwa anthu a kuno? Nyanja yonse inatsala m'manja mwa Angerezi, kotero kuti anatha kutumiza asilikali ndi katundu kumpoto mosaopa kanthu. Asilikali a King's African Rifles anapita ku Karonga pa sitima, ndipo pa 9 Seputembala 1914 anamenyana ndi gulu la Ajeremani kumeneko. Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa akufa anali anthu akuda. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu analemba kalata yodandaula kuti anthu ake akufera nkhondo yosakhala yawo, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma. Kuyambira 1916, pamene General Northey analowa ndi nkhondo m'dziko la Ajeremani, sitima zinkatula katundu kumpoto kwa nyanja, ndipo kuchokera pamenepo ankasenza ndi amtengatenga. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito imeneyo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Makolo athu anaitcha nkhondoyo ya Chiwaya.

Mkulu wina wa mpingo wathu, munthu wanzeru amene ndimlemekeza, ataona kasitimako anandifunsa nati, "Bambo, kodi n'koyenera kuti munthu wa msinkhu wanu azisema zida zophera anthu, ana naziona?" Ndinayankha kuti, "Akulu, funso lanu ndalimva, ndipo n'lolemera. Koma taonani pansi apa." Pakuti mbali imodzi ya thupi la kasitimako ndinaisiya yotsegula, kuti munthu aone m'kati. M'menemo muli tianthu tinayi tosonkha moto, tovula malaya. Pamwamba pali ena okoka zingwe. Ndipo pambali ndinaika kabwato kodzala nkhuni, ndi munthu wachikulire atanyamula nkhwangwa, amene m'mtima mwanga ndimutcha agogo. Mwana akafika, ayamba wathamangira mzinga, monga achitira ana onse. Koma sachedwa kufunsa kuti awa ali m'mdimawa ndi ayani, ndipo pamenepo nkhani yeniyeni iyamba. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali, nati atate ake aakulu anapita ku mtengatenga osabwerako, ndipo pa mudzi pawo palibe manda awo.

Sindinena kuti sitima zankhondo zija zinali zoipa zokhazokha. Zinathandiza kutseka njira ya akapolo pa nyanja, ndipo ambiri a ife tili ndi moyo chifukwa makolo athu sanaolotsedwe. Koma mizinga yomweyo inakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda ndi msonkho wake, ndipo pambuyo pake inatikokera m'nkhondo ya ku Ulaya. Mwana ayenera kumva zonse ziwiri. Wofanizira sitima aphunzira kusakulitsa chimene achikonda ndi kusachepetsa chimene chimuwawa, ndipo wosimba mbiri ayenera kusunga lamulo lomwelo.

Chifukwa chake ndipempha inu owerenga a m'midzi, makamaka a m'mphepete mwa nyanja, ku Nkhotakota, ku Salima, ku Mangochi, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga: ngati pa mudzi panu pali nkhalamba imene ikumbukira zimene atate ake kapena agogo ake anasimba za sitima, za nkhuni kapena za mtengatenga, khalani nayo pansi, mulembe mawu ake ndi maina a anthuwo m'kope, musanachedwe. Aphunzitsi a sukulu, musanyoze mwana wopinda mawaya. Mpatseni rula, mumphunzitse kugawa ndi 50, ndipo mudzaona masamu alowa m'mutu mwake mosavuta. Guendolen inatumikira zaka ngati 40 niphwasulidwa, ndipo pali sitima zina zoyenera kuzifanizira: Viphya, imene inamira pa 30 Julaye 1946 ndi kupha anthu 145, ndi Ilala yachiwiri, imene inalowa m'madzi ku Monkey Bay m'chaka cha 1951. Amene adzapanga zimenezi asaiwale kusiya khomo lotsegula, kuti aoneke ogwira ntchito pansi.

Tsalani bwino, abale. Ndine wanu, mmisiri wa ku Kawale.