Nsalu ya Pansi pa Mulu

Ca kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, kutsidya kwa njanji, kuli dera la mafakitale lochedwa Heavy Industrial Area. Mlendo akafika kumeneko amaona mipanda itali-itali, zigayo zazikulu, nyumba zosungiramo katundu, ndi malole amene amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku. Anthu ogwira nchito m'menemo amagona m'makomboni: ambiri ku Matero, ku George ndi ku Kanyama, ena kutali ndithu monga ku Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere. M'mamawa, dzuwa lisanatuluke, mseu wa Mungwi umadzaza ndi anthu oyenda pansi, aliyense ndi kaphukusi kake m'manja.

Mwa anthu amenewa munali bambo wina wa ku George, amene anali kusenza matumba a ufa pa cigayo cina. Sanali wa nchito ya mwezi ai. Anali kuima pa cipata m'mawa uliwonse. Akaitanidwa analandira malipiro a tsikulo, akapanda kuitanidwa anabwerera cimanjamanja. Pakhomo pake panali mkazi wake, ana anai, ndi amai ake okalamba, amene anawo anali kuwachula Ambuya.

M'mwezi wa Disembala caka ca 2013, akulu a mpingo anasankha mwana wake woyamba, mtsikana wa zaka 13 amene anali atangolemba mayeso a Giredi 7, kuti adzawerenge Mau a Mulungu pamaso pa anthu onse pa tsiku la Khirisimasi. Unali ulemu waukulu, koma unadza ndi bvuto lake. Diresi limodzi lokha limene mwanayo anali nalo linali litafupika, ndipo m'khwapa munali zigamba ziwiri. Atate wake sananene zambiri. Kwa masabata awiri analeka kugula cakudya ca masana, ndipo tsiku lina madzulo anaika K30 pa tebulo. Caka cimeneco ndico cimene ndalama za Zambia zinasinthidwa: kuyambira pa 1 Januwale 2013, K1,000 yakale inasanduka K1. Ambuya sanaizolowere nkhani imeneyi, ndipo anawerenga ndalamazo mwa kale, nati, "Mapini makumi atatu," pakuti anthu a mu Lusaka anali kuchula K1,000 kuti pini.

Ndi ndalama yotere munthu sakanagula diresi latsopano m'sitolo za m'tauni. Kunali kopita kumodzi kokha, ku salaula.

Mau akuti salaula ndi a Cibemba, ndipo amanena za kufukula m'mulu posankha. Ku Malawi amati kaunjika. Zobvala zimenezi zimacokera makamaka ku Ulaya ndi ku America. Eni ake akatopa nazo amazipereka ku mabungwe acifundo, ndipo zimene zatsala osagulidwa kumeneko zimagulitsidwa kwa amalonda. Iwowa amazisankha, malaya paokha, madiresi paokha, nazifinya ndi makina kukhala mabelo, ambiri olemera makilogalamu 45. Mabelowo amaoloka nyanja pa zombo kufika ku madoko monga Dar es Salaam ndi Durban, ndipo malole amawafikitsa ku Lusaka. Malonda amenewa si a lero. M'masiku a atsamunda zobvala zakale zinali kulowa kucokera ku Congo. Koma anakula koposa pambuyo pa caka ca 1991, pamene boma latsopano linafewetsa malamulo oitanitsira katundu wa kunja. Osauka anayamba kubvala bwino, koma mafakitale ambiri osoka zobvala m'dziko muno anatsekedwa, ndipo anthu anataya nchito. Nkhani ya salaula iri ndi mbali ziwiri zimenezi, ndipo wonena imodzi yokha sananene zoona zonse.

Loweruka mtsikana uja sanadikire Ambuya, amene anali ku maliro ku Matero. Anapempha ndalamazo kwa amai ake, napita ndi mnzake ku msika wa Soweto. Milu ya zobvala yothiridwa pansi anaidutsa osaceuka, cifukwa anali kucita manyazi kugwada ndi kufukula anthu akuona. Maso ake anagwa pa diresi lofiira lonyezimira, lositidwa bwino, lopacikidwa pamwamba pa mtengo. Wogulitsa analitamanda kwambiri, mnzake uja anaomba m'manja, ndipo K25 inapita.

Lolemba analicapa. Madzi a m'beseni anafiira ngati aphera nkhuku. Pofinya, msoko wa kumsana unang'ambika kuyambira m'khosi kufika m'ciuno, ndipo pansi pa lamba panaoneka malo aakulu ngati cikhato, owauka ndi simbi, amene anaboola pongowakhudza. Mwanayo anakhala pansi kuseri kwa nyumba, nalira. Anali kulirira diresi, komanso anali kukumbukira masana onse amene atate wake anasenza matumba ndi njala. Madzulo bamboyo anayang'ana nsanzayo nthawi yaitali, nangoti, "Ina ndiribe, mwana wanga. Lendi yayandikira."

Ambuya anali cete pa mpasa. Kenaka anafunsa, "Yatsala ingati?"

"K5, Ambuya."

"Mapini asanu. Ugone msanga, mawa tilawira."

Gogo ameneyu anadza ku Lusaka caka ca 1963, kucokera ku mudzi wa pafupi ndi Chipata, pamene boma limenelo linali kuchedwa Fort Jameson. Mwamuna wake, amene anamwalira kale, anagwiranso nchito m'dera lomwelo la mafakitale, ndipo ndiye anamgulira makina a Singer opukusa ndi dzanja. Masiku amenewo ufa wa tirigu unali kubwera m'matumba a nsalu yoyera ya thonje. Iye anali kuwapempha matumbawo, kuwaphika ndi sopo, kuwayanika pa dzuwa kufikira malembo atafufutika, ndi kusokera ana ake malaya. Pambuyo pake anasoka madiresi a citenje ndi mayunifomu pa khonde la sitolo. Salaula atacuruka, obwera ndi nsalu yatsopano anacepa. Koma iye sanatseke makina ake ai. Anayamba kucepetsa, kufupikitsa ndi kukonza zimene anthu anagula pa mulu.

M'mawa mwake anayenda pansi, pakuti K5 sikanakwanira basi ndi diresi pamodzi. Anatsata mseu wa Mungwi pakati pa anchito, nadutsa pa cipata pamene bambo uja anaima ndi anzake, nakhotera mu mseu wa Lumumba. Kunali matope, pokhala nyengo ya mvula, ndipo anafika pa Soweto dzuwa litakwera.

Ambuya anadutsa zopacikidwa zonse monga momwe mdzukulu wao anadutsira milu. "Cobvala cocokera m'belo cimakhala ndi makwinya," anatero. "Ukaona casitidwa, uyambe wafunsa mumtima kuti akubisa ciani. Ndipo zimene zapacikidwa zapita kale m'manja awiri kapena atatu, aliyense waikapo phindu lake." Anamuuzanso kuti tsiku lotsegula belo amalonda ena amathamangira kusankha zokongola kuti akazigulitse pa mtengo wokwera; zotsala zimatsika mtengo tsiku ndi tsiku, kufikira mwini belo afuna kungozicotsa kuti agule lina. Mulu wotere ndiwo anali kuufuna.

Ataupeza anagwada, nakoka mtsikanayo kuti agwade nao. Pamenepo sukulu inayamba. Anatenga cobvala cimodzi naciyang'anitsa ku dzuwa: pamene kuwala kunapyola kwambiri, nsalu inali itatha. Cina anacikoka mbali ziwiri za msoko, ulusi nuonekera ngati mano, anaciponya. Cina ananyowetsa ngodya yake ndi malobvu, naipukuta pa mpango woyera kuti aone ngati utoto utuluka. Anayang'ana m'khosi, m'khwapa ndi pokhalira, pakuti ndimo cobvala cimayambira kufa. Anafumbata nsalu m'dzanja, naimasula, namgwiritsa mwanayo kuti amve kusiyana kwa thonje, limene limapitisa mphepo ndi kupirira simbi, ndi nailoni, imene imatentha thupi m'dzuwa ndi kusungunuka pa moto.

"Usayang'ane diresi," anatero. "Diresi tidzapanga tokha. Uyang'ane nsalu."

Anafukula pafupi-fupi ora lathunthu. Mtsikana uja poyamba anali kuceuka-ceuka kuopa anzake a ku sukulu, koma pang'ono ndi pang'ono anaiwala, ndipo ndiye amene anasolola pansi peni-peni pa mulu cinthu cacikulu cobiriwira, ca timaluwa toyera. Linali diresi la mai wonenepa kwambiri wa ku dziko lakutali. Dzanja limodzi linali long'ambika, mabatani analibe, ndipo kutsogolo kunali banga. Ambuya analiyang'anitsa ku dzuwa, nalikoka, nalipukuta pa mpango, ndipo nkhope yao sinasinthe konse. Pakuti wogula wocenjera sasekerera mtengo asanamve.

"Ici ncingati, mwana wanga?"

"K6, amai."

"Ha! Cinsanza copanda dzanja? Taona banga ili. Adzagula ndani, ngati si nkhalamba yonga ine?"

Mnyamata wogulitsayo anaseka, nati, "Amai, mukufuna kumanga tenti kodi?" Anakangana mwamtendere kanthawi, ndipo analola K3. Ndi K2 yotsala anagula ulusi wobiriwira.

Kunatsala masiku asanu ndi atatu. Ambuya anapatsa mtsikanayo lumo kuti amasule misoko yonse, ulusi umodzi-umodzi, osaceka nsalu. Nchito imeneyi inamtengera tsiku lonse, ndipo zala zinamuwawa. Zidutswazo anazicapa, nazisita ndi simbi ya makala, ndipo zitayalidwa pa mpasa zinaoneka zazikulu zokwanira madiresi awiri a mwana. Ambuya anamuyeza ndi cingwe, nadula citsanzo pa nyuzipepala yakale, nacisuntha-suntha pa nsalu kufikira banga ndi pong'ambika zinatsala kunja. Sanafulumire kudula. Anati sizasi iribe njira yobwerera.

Makina a Singer analira masiku awiri. Mpendero wa m'munsi anausiyira mtsikanayo kuti aupinde ndi singano ya pamanja, nalamula kuti ukhale waukulu, zala zinai, kuti caka camawa adzaumasule mwana akatalika. Kawiri konse Ambuya anaumasula cifukwa misoko inali yaikulu ngati mapazi a nkhuku. Kacitatu anagwedeza mutu osanena kanthu.

Nalo diresi lofiira lija silinatayidwe. Analiviika m'madzi, nasintha madziwo kangapo kufikira analeka kufiira. Ndipo pa mbali imene inali yolimba anadulapo lamba ndi kampendero ka m'khosi. Mabatani anacotsa pa malaya akale a atate. Tizidutswa tonse totsala, tofiira ndi tobiriwira, ang'ono ake anatimanga pa thumba la ufa limene atate anabwera nalo, napanga copondapo ca pakhomo, conga cimene amai ambiri amagulitsa m'mphepete mwa miseu ya Lusaka. Matumba a masiku ano ndi a pulasitiki, sangasokedwe malaya monga aja a kale, koma pa nchito iyi amathandiza.

Khirisimasi ya caka cimeneco inali Lacitatu. Mtsikanayo anayenda wopanda nsapato m'matope a ku George, nsapato ziri m'manja, nasamba mapazi pa mpopi asanalowe. Anawerenga mutu waciwiri wa Luka. Pa vesi loyamba mau ake ananjenjemera, koma pambuyo pake anamveka kufikira ku benci lomariza, kumene atate wake anakhala atagwira cipewa pa maondo.

Atatuluka, mnzake uja wa ku msika anamgwira lamba, nafunsa sitolo imene anagula diresilo. Mtsikanayo anazengereza pang'ono, pakuti kunama kunali kosabvuta, ndipo atsikana ena anali kumvetsera.

"Pa Soweto," anayankha. "Pansi pa mulu. K3. Lamba ili ukulidziwa."

Mai wina wa mu mpingo anamva, nasendera kwa Ambuya kufunsa ngati angamkonzere jekete la mwamuna wake kuti likwane mwana wa sukulu. Ambuya anati abwere nalo Lacisanu, ndipo womasula misoko alipo kale. Pamenepo anawerama, natembenuza mpendero wa mdzukulu wao pamaso pa anthu onse, naupenda ndi cala, napeza malo amodzi kumbuyo pamene ulusi unatayirira.

"Apa udzabwerezepo mawa," anatero.