Chilembo Chimodzi, Maudindo Awiri

Kwathu ku Magaleta, m'boma la Neno, mfumu ikakhala pabwalo mawu ake ndi lamulo, koma ikakhala pakhonde ndi adzukulu mawu omwewo amangokhala macheza. Nzeru yomweyi ndinaipeza mu pulogalamu yolembera yotchedwa vi, imene Bill Joy anaipanga ku Berkeley m'chaka cha 1976.

Mu vi chilembo chimakhala ndi maudindo awiri. Ukadina i, kiyibodi imalemba ngati makina otayipira. Ukadina Esc, zilembo zimasanduka malamulo: h, j, k ndi l zimakuyendetsa kumanzere, kumunsi, kumtunda ndi kumanja, dw amafufuta liwu, dd mzere wonse, pamene u amabweza zimene wachita. Joy anasankha zilembo zinayi zoyenderazo chifukwa pa makina ake a ADM-3A mivi inajambulidwa pa mabatani amenewo. M'chaka cha 1991 Bram Moolenaar anatulutsa Vim, mwana wa vi, yemwe ndimalemberamo nthano zanga madzulo.

Masana zinthu zimasintha. Monga wogwira ntchito m'boma, makalata ndi malipoti ndimalemba m'mapulogalamu odalira mausi. Mmenemo ukadina dd, zilembozo zimangokhala phee pakati pa kalata, ndipo dzanja limangoyendayenda ngati mlimi wa minda iwiri yotalikirana.

Akatswiri ena anaona vutoli. Pulogalamu ya Kate inalandira malamulo a vi mu 2009, ndipo GtkSourceView, bokosi lolembamo limene mapulogalamu ambiri amabwereka, linawalandira mu 2022. Kuti zitheke, pakhomo pa bokosilo amaikapo mlonda. Batani lililonse likadinidwa, mlondayo amayamba waona kuti mfumu ili pabwalo kapena pakhonde. Ngati ndi nthawi yolemba, chilembo chimadutsa. Ngati ndi nthawi ya malamulo, amachigwira: akalandira d amadikira mnzake kuti adziwe chofufuta, ndipo 3dw amachotsa mawu atatu nthawi imodzi.

Si onse anakondwera ndi kalembedwe kotere. Larry Tesler wa ku Xerox PARC ankati kamasocheretsa anthu. Sindimutsutsa kotheratu, pakuti mlendo sadziwa kuti mfumu yakhala pa mpando uti. N'chifukwa chake ndimayamikira kuti m'mabokosi amenewa malamulo a vi amayatsidwa ndi wofuna yekha.

Komabe kwa ine phindu lake ndi lalikulu. Magetsi akathima, batire la kompyuta ndiye mwini nthawi, ndipo mlembi wamadzulo alibe mphindi zotaya. Mu Vim ngakhale ŵ, chilembo chosowa pa kiyibodi, chimatuluka ukadina Ctrl-K, kenako w ndi >. Moolenaar anamwalira mu 2023, koma chida chake chikadali m'manja mwathu. Chatsala n'chakuti ife olemba Chichewa tichiphunzire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.