Tsiku lomwe ndinayala katundu wa m'nyumba pabwalo

Chaka cha 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'makomo a anthu ku Senga Bay. Mathandala oyanikapo usipa anamira, malo ena ogona alendo anatseka zipinda, ndipo ife akufupi ndi gombe tinkadzuka usiku ndi tochi kukaona pomwe madzi afika. Nkhani inali ya zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde: ena amati azitsegule madzi apite, ena amati akatsegula kwambiri abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndiwo amire. Nyumba yanga inali ya zidina. Madzi sanalowe m'kati, koma chinyontho chinakwera m'makoma mpaka khoma lakuchipinda linang'aluka moti dzanja limalowa. Achemwali anga a ku Kamuzu Road anandipatsa chipinda chimodzi choti ndikhalemo ndi ana. Katundu wa banja lonse sakanakwanamo, choncho ndinayenera kugulitsa.

Kwathu kuno munthu satulutsa bedi panja anthu osafunsa chavuta. Azungu a m'mabungwe ku Lilongwe akamabwerera kwawo amagulitsa zonse pageti, palibe amadabwa. Koma mayi wamasiye akayala mbale ndi masefuliya pamkeka, mudzi umayamba kunong'ona kuti katapila wamupana, kapena akuthawira ku Joni. Manyazi amenewa ndiwo anandilamulira. Ndinkafuna zonse zithe tsiku limodzi, dzuwa lisanalowe, maso a anthu achoke pa ine. Ogula amamuona msanga munthu wotere.

Zina ndinakonza bwino, ndipo ndikuzinena kuti wina zimuthandize. Ndinasankha Loweruka lakumapeto kwa mwezi, asilikali a ku Senga Bay ndi aphunzitsi atalandira, komanso podziwa kuti Lachisanu anansi anga ambiri amakhala kumzikiti. Ndinakauza anyakwawa, ndipo anandilembera kalata yoti katunduyo ndi wanga, chifukwa wonyamula matiresi ndi wailesi pakabaza akhoza kufunsidwa panjira komwe wazitenga. Masefuliya ndinawakwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Ndinasinthiratu ndalama zing'onozing'ono pagolosale, popeza aliyense amabwera ndi K5,000 kudzagula chikho chimodzi. Zing'onozing'ono monga masupuni, mipeni ndi tchaja ndinaziika patebulo lomwe mwana wanga wamkulu anakhalapo osachoka, ndipo chitseko cha nyumba ndinachikhoma. Inali nyengo ya mwera, kotero zovala ndi makatani ndinazipsinja ndi miyala, zina ndinazimangirira pachingwe pansi pa mtengo wa mango.

Chomwe sindinachite n'kupita m'masitolo kukafunsa mitengo.

M'mutu mwanga munali mitengo yakale, ya nthawi yomwe tinkagula ndi malemu bambo a ana angawa. Koma mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zimenezi ndinkazidziwa pa sopo, shuga ndi mafuta ophikira, chifukwa ndinkagula tsiku ndi tsiku. Pa matiresi, panelo la sola, batire ndi makina osokera sindinaganizeko, popeza zinthu zotere munthu amagula kamodzi n'kuiwala. Mavenda opikula katundu wakale anali kuidziwa mitengo yatsopano ndi mtima. Anafika kusanache bwinobwino, ine ndikusesa, katundu wina akadali m'nyumba.

"Mayi, tisavutane. Tchulani mtengo wa zonsezi pamodzi, tikuchotsereni chipsinjo."

Mawu akuti chipsinjo anandifika pamtima, chifukwa ndi mmene ndinkamvera. Mmodzi anazunguza gudumu la makina anga a Singer, n'kupukusa mutu kuti lamba watha ndipo sitima yake ikudumpha ulusi. Ndinkadziwa kuti makinawo alibe vuto, ndinali nditasokera mayunifolomu sabata yomweyo, komabe ndinatsitsa. Anawerenga ndalama mofulumira, n'kumangirira makinawo panjinga yamoto. Ndalama imene ndinalandira sinakwane ngakhale theka la mtengo wa makina ena akale omwe ndinakawafunsa patapita milungu. Makina amenewo ndiwo ankandidyetsa m'miyezi yomwe usipa wasowa. Ndinawagulitsa limodzi ndi mabeseni ngati kuti nawonso ndi chiwiya wamba. Chilichonse chobweretsa ndalama pakhomo chinayenera kukhala choyamba kukwera galimoto yopita kwa achemwali, ngakhale zikanatanthauza kuti ine ndigone pamphasa.

Dzuwa litakwera kunabwera anansi, ndipo apa panali vuto la mtundu wina. Venda umatha kumukaniza. Nanga mayi yemwe anagona pasiwa masiku onse a maliro a mwamuna wako, akanyamula ndowa n'kunena kuti "ndikupatsani ikatha sabata, asisi", umuyankha chiyani? Ndinalemba maina m'kope, tsamba linadzaza. Ena analipiradi, ena anachita kunditumizira pa Airtel Money ndi Mpamba ndili kale ku Kamuzu Road, ndipo ndimawathokoza. Ambiri sanalipire. Sindikuwatcha akuba, chifukwa nawonso madzi anawawonongera zambiri chaka chimenecho. Koma ngongole ija inaika mpanda pakati pathu: ndikapita kunyanja kukaoda usipa, ena amandizemba, pomwe kale tinkakhalira limodzi kudikira mabwato a chilimira. Akulu amati kupatsa n'kuika. Ndikanapatula usiku wake zinthu zoti ndingopereka kwa anthu amenewa, ndi manja awiri, n'kunena poyera kuti zotsalazo n'zakashi, bwenzi lero tikupatsana moni bwinobwino.

Panabweranso mnyamata wina wosadziwika yemwe anandionetsa uthenga pafoni yake kuti watumiza ndalama ya wailesi. Mwana wanga anaumirira kuti tione kaye ndalama zomwe zili mufoni yathu. Munalibe kanthu. Mnyamatayo anati akukaonana ndi ejenti, sanabwerenso.

Chomwe chimandiwawa kwambiri si ndalama. Chakumasana, bambo wina atanyamula kale mpando wandalema, anatulukira alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Sindinawauze za malondawo. Anaima kumpanda osalowa.

"Alamu, mpando wa achimwene nawonso uli pamalonda?"

Ndinayankha mwaukali, chifukwa ndinkaganiza kuti abwera kudzalanda. Ndinali nditamva kwa alangizi a zamalamulo kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo limenelo ndi labwino, lapulumutsa amayi ambiri, ndipo ndimalimbikitsa wamasiye aliyense kulidziwa. Koma alamu anga sanadzere kulanda. Pamaliro pomwe sanatenge ngakhale supuni. Anangoti pampando umenewo mkulu wawo ankakhala madzulo akusoka ukonde, iwo ali pansi kumuthandiza, ndipo akanadziwa akanabwera ndi ndalama kudzaugula okha. Anapukuta m'maso ndi chipewa n'kutembenuka.

Ndinamuthamangira wogula uja, ndinamubwezera ndalama yake n'kumupepesa, ndipo anamvetsa. Mpando ndinakausiya ndekha kwa alamu madzulo ake. Anaulandira, koma mawu omwe ndinawalankhula pamaso pa anthu anatenga miyezi kuti aphwe, mpaka apongozi anga anachita kutikhazika pansi. Ufulu wogulitsa ndinali nawo. Chomwe ndinalephera n'kuyenda kamtunda kochepa kukawauza akuchimuna kuti nyumba ikugwa, ndikusamuka, ngati pali chokumbukira mbale wawo abwere asankhe anthu ena asanafike.

Madzulo pabwalo panatsala zinthu zomwe palibe anazifuna: mbaula yobooka, nsapato za ana, mtondo wong'aluka. Mtondowo ndinausiya pomwepo. Ndalama zonse nditaziwerenga zinakwana galimoto yonyamula zotsala, fizi ya teremu imodzi ndi kampamba kochepa ka usipa.

Pano ndikukhalabe kwa achemwali. Ndinalowa banki m'khonde ya amayi a kumsika, ndipo ndikusunga kuti tikadzagawana mu Disembala ndidzagule makina ena osokera. Ndikafuna kusoka ndimabwereka a telala wina pakhonde la sitolo, iye akaweruka, n'kumulipira pa chovala chilichonse. Mnzanga wina wa ku Lifuwu atandiuza kuti nayenso akufuna kugulitsa katundu asamukire ku Lilongwe, ndinamuperekeza m'masitolo a pa Kamuzu Road ndi kope m'manja, tinalemba mtengo wa chinthu chilichonse chatsopano, kenako tinapita limodzi kwa apongozi ake.