Thambo la ku Golomoti

Amayi, ambiri a inu mwadutsapo pa Golomoti popita ku Salima, ku Balaka kapena ku Monkey Bay, koma maso anu anali pa malonda a m'mbali mwa mseu. Tsiku lina mukadzafikanso, mudzakweze maso kumwamba, pakuti thambo la kumeneko ndi loyenera kulijambula.

Golomoti ali m'chigwa, m'boma la Dedza. Kumadzulo kwake kwaima mapiri ngati linga, ndipo kum'maŵa kuli Nyanja ya Malaŵi, imene ili mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja ya mchere. Tauni ya Dedza ili pamwamba kuposa mamita 1,500. Nchifukwa chake wotsika mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa amanyamuka atafunda juzi, nafika pansi thukuta lili kamukamu. Mphepo yofunda ndi yachinyezi ikakwera mapiriwo imazizira, nisanduka mitambo yaitali imene imadza ndi mabingu. Pa Khwekhwerere pomwepo mpamene mungatole chithunzi chokoma kopambana: chigwa chonse chili pansi panu, nyanja ikuŵala patali, ndipo mvula ikuoneka ngati chinsalu chotuŵa choyenda pamwamba pa minda.

Nyengo iliyonse ili ndi zake. Mu Okotobala, dzuŵa likafika paliombo, akamvuluvulu amanyamula fumbi ndi mapesi pakati pa milambe. Cha mu Novembala chizimalupsa chimatsuka utsi wa m'mlengalenga, ndipo mapiri amaoneka ngati asendera pafupi. M'dzinja, makamaka mwezi ukakhala kumdima, pa nyanja pamakwera nthaŵi zina chinthu chonga utsi wa moto waukulu. Umenewo si utsi ayi, koma nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi miyandamiyanda. David Livingstone anatiwona kumpoto kwa nyanjayi mu 1861, nalaŵa ndiwo yake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba, ndipo mitambo imakhala pa nsonga za mapiri ngati duku.

Nanga utaŵaleza? Dziŵani kuti umaoneka kokha dzuŵa likakhala kumbuyo kwanu ndi mvula patsogolo panu. Motero pa Golomoti muufune ku mapiri m'maŵa, koma madzulo muufune ku nyanja. Simusoŵa kamera yodula. Foni ya m'manja ikwanira. Pukutani kagalasi kake ndi nsonga ya chitenje chouma, igwireni ndi manja aŵiri, ndipo musajambule thambo lokha. Ikanimo mlambe, nkhokwe, kapena njanji imene inafika ku Salima mu 1935, kuti woona adziŵe kukula kwa mtambowo. Ngakhale magalasi opanga magetsi a dzuŵa, amene anayamba ntchito pa Golomoti mu 2022 ndi mphamvu ya mamegawati 20, amakoma m'chithunzi mtambo wakuda ukaima kumbuyo kwake.

Koma tamverani, amayi, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Mtambo wokongolawo ndi womwewo umene umapha. Mukaona ching'aning'ani, ŵerengani masekondi kufikira bingu litamveka. Masekondi 3 aliwonse ndiwo kilomita imodzi. Ngati bingu lamveka musanafike pa 30, mphenzi ili pafupi: bisani foni, tengani ana, loŵani m'nyumba kapena m'galimoto. Musabisale pansi pa mtengo woima wokha, musaime pachulu, ndipo chokani m'madzi a m'munda wa mpunga. Dikirani mphindi 30 bingu lomaliza litamveka musanatulukenso. Chithunzi chabwino cha mphenzi chimatoledwa mkuntho uli kutali.

Palinso china chimene amayi a m'chigwa amachidziŵa kuposa alendo. Mvula ikagwa ku mapiri, madzi ake amatsika ndi liŵiro m'mitsinje ngati Livulezi ndi Namikokwe, ngakhale pansi pano sipanagwe dontho. Mtsinje umene munawoloka m'maŵa madzi ali m'akakolo ukhoza kukhala wosawolokeka madzulo. Choncho mukaona mapiri ada bii, musangojambula. Tumizani chithunzicho kwa mnzanu amene ali kutsidya kumunda, kapena kwa aphunzitsi a ana anu, kuti aŵaletse kuwoloka. Mverani ndiponso machenjezo a nthambi ya boma yoona za nyengo pa wailesi.

Mukakhala ndi mpata, pitirirani pang'ono chakumpoto mpaka ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anamanga mishoni mu 1902, ndi kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Kumeneko mudzaona m'zosema ndi m'zojambula mmene makolo athu ankalemekezera mvula, nakapempha kwa Chauta ikachedwa.

Iwo analibe kamera, koma ankaŵerenga mitambo asanayanike ufa pamphasa. Inu muli nazo zonse ziŵiri, maso ndi foni. Jambulani mtambo wa ku Khwekhwerere, muwonetse ana anu aakazi, ndipo muŵaphunzitse kusiyanitsa wongodutsa ndi umene ukuti thaŵani.