M'kamwa Mukauma, Qur'an Imavuta Kuwerenga

Kuno ku Mchinji, ana akaweruka ku madrasa ndimatsala ndi akuluakulu ofuna kuwongola kawerengedwe ka Qur'an. Ena amaima pakati pa ayah, lilime litakakamira. Sikuti aiwala ayi, koma m'kamwa mwauma.

Munthu wathanzi amapanga malovu apakati pa theka la lita ndi lita 1.5 patsiku. Malovuwa amatsuka mano, amafewetsa nsima ndiponso amaletsa tizilombo. Akachepa, mano amabowoka msanga ndipo m'kamwa mumabuka zilonda. Kawirikawiri gwero lake limakhala matenda a shuga kapena mankhwala ena, monga a BP ndi Piriton.

Masiku ano kuli malovu ochita kupanga, ena opopera, ena opaka. Sachiza gwero la vutoli, amangonyowetsa m'kamwa kwa kanthawi. Pogula, Msilamu achenjere. Mtundu wotchedwa AS Saliva Orthana uli ndi zochokera m'chifu cha nkhumba, pamene mitundu ina amaipanga kuchokera ku zomera. Choncho funsani wogulitsa musanapereke ndalama.

Ophunzira angawa ndimawauza kuti akayezetse shuga ku chipatala chachikulu cha Mchinji, ndipo asasiye okha mankhwala a BP adokotala asanalole. Azimwa madzi pang'onopang'ono, azitsuka mano ndi mswaki, koma masiwiti ayi. M'mwezi wa Ramadan azipopera pa futari ndi pa daku. Zamasana akafunse Shehe.

Abale ndi alongo, agogo akamalephera kumeza nsima, tisathamangire kunena kuti ndi ukalamba. Tiwaperekeze kuchipatala.