Mpweya umene kulibe

Pa malamulo onse a sayansi amene tinaloweza kusekondale, la mpweya ndi limene ndimalikonda, ndipo chifukwa chake n'choseketsa: limakamba za mpweya umene kulibe padziko pano.

M'chaka cha 1662 Robert Boyle anaonetsa kuti ukaupanikiza mpweya mpaka malo ake atsale theka, mphamvu imene umakankha nayo imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe. Amene anatsekapo pampu ya njinga ndi chala akuidziwa nkhaniyi. Charles ndi Gay-Lussac anaonjezapo za kutentha, Avogadro za kuchuluka kwa mamolekyu, ndipo mu 1834 Clapeyron anamanga mtolo umodzi, umene lero timaulemba kuti PV = nRT.

Koma tamvani zimene lamuloli limafuna kuti tivomere. Ati mamolekyu ndi aang'ono zedi moti malo amene amatenga sawerengedwa. Atinso sakokana, amangothamanga, kugundana, n'kunjanja osataya mphamvu ngakhale pang'ono. Anthu otere ine sindinawaonepo: opanda thupi, opanda chibale, ongopitirirana panjira popanda ndi moni yemwe.

Chodabwitsa n'chakuti bodza limeneli limagwira ntchito. Mumpweya tikupumawu mamolekyu ndi otalikirana, ngati anthu asanu m'bwalo lonse la mpira. Thupi la mnzako silikukhudza, ndiye masamu amatuluka bwinobwino, kuphonya kwake n'kochepetsetsa. Koma atengeni anthu omwewo, muonjezepo ena khumi ndi asanu, muwalonge m'minibasi ya ku Ndirande. Mudzandiuze ngati chigongono cha mnzanu sichiwerengedwa!

Mpweya nawo umatero ukaupanikiza kwambiri kapena kuuziziritsa. Thomas Andrews anaonetsa mu 1869 kuti carbon dioxide akazizira kuchepera madigiri 31, kumupanikiza kokha kumamusandutsa wamadzimadzi. Akatentha kuposa pamenepo, olo upanikize chotani, amakana. Mu 1873 Van der Waals wa ku Netherlands anakonza masamuwo poikamo manambala awiri, ina ya kukula kwa mamolekyu, ina ya kukokana kwawo. Anawabwezera thupi ndi chibale. Lamulo lake n'losakongola ngati loyamba lija, ndipo ana asukulu salikonda, koma ine ndimalipatsa ulemu.

Amene mumaphikira gasi, tagwedezani silindayo mumve. Muli zinthu zokhuvuka ngati madzi m'chigubu. Malinga ndi PV = nRT, zimenezo sizikanatheka, pakuti mamolekyu osakokana sangaunjikane n'kukhala madzi. Koma nsima ikupsa ndi gasi yemweyo.